Zaumoyo pa Sekondale: Ntchito ya Sabata Iliyonse, Osati ya Tsiku la Alendo Lokha

Kwa zaka zambiri nkhani ya zaumoyo pa sekondale inkathera m'buku la sayansi ndi pa tsiku limodzi pa teremu, pamene azaumoyo ankabwera kudzayankhula pabwalo. Ophunzira ankaomba m'manja, alendo n'kukwera galimoto, basi zathera pomwepo. Maganizo amenewa akhala akusintha pang'onopang'ono. Mu 1995 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayambitsa ntchito yolimbikitsa umoyo m'sukulu. Mu 2000, pa msonkhano wa maphunziro ku Dakar, mabungwe anagwirizana pa ndondomeko yotchedwa FRESH, ya mizati inayi: malamulo olembedwa a sukulu, madzi ndi zimbudzi, maphunziro opatsa ana luso lodziteteza, ndi thandizo la zaumoyo loperekedwa pasukulu pomwepo. Mu 2021 WHO ndi bungwe loona zamaphunziro la UNESCO anatulutsa miyezo isanu ndi itatu yoti sukulu iliyonse idziyezerepo. Zonsezi zikuloza kumodzi: umoyo wa wophunzira ulowe m'ndandanda wa ntchito za sukulu monga momwe masamu alowera.

Aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu, yambani ndi kusankha munthu. Pakhale mphunzitsi mmodzi woyang'anira zaumoyo ndi wachiwiri wake, mmodzi wamkazi wina wamwamuna, ndipo maina awo alembedwe. Ntchito yongoti "aphunzitsi onse athandizane" imasanduka ya palibe aliyense pofika sabata yachitatu. Awiriwa akhale ndi kaundula, kabati yotsekeka ndi loko, komanso dzina la namwino kapena wazaumoyo amene azilandira ana otumizidwa kuchipatala chapafupi.

Ntchito imene ikufala kwambiri m'masekondale ndi yopereka mapiritsi a ayironi ndi foliki asidi, michere yothandiza thupi kupanga magazi, kwa atsikana, ndipo tikhalitsapo chifukwa ndi pamene sukulu zambiri zimapunthwa. Mtsikana akatha msinkhu amataya magazi mwezi ndi mwezi pomwe thupi likukulanso msanga, choncho ayironi amaperewera. Magazi akachepa mwana amatopa, amamva chizungulire, amapuma mwawefuwefu akakwera kamtunda, ndipo m'kalasi amangosinza. Aphunzitsi ambiri amati ndi ulesi. Tsitsani chikope chapansi cha diso lake, kapena yang'anani zikhatho: zikakhala zoyererako, mwanayo akayezedwe magazi. Kwa mtsikana wosayembekezera wa zaka 12 kupita m'tsogolo, himogulobini (chimene chimafiiritsa magazi, chomwe achipatala amayeza) wochepera magalamu 12 pa desilita ndiye kuti magazi ndi ochepa.

Malangizo a WHO a mu 2011 akuti kumene amayi ndi atsikana 20 kapena kuposa mwa 100 alionse ali ndi vutoli, mtsikana azimwa piritsi limodzi pa sabata, lokhala ndi mamiligalamu 60 a ayironi ndi mamiligalamu 2.8 a foliki asidi. Amamwa miyezi itatu, n'kupuma miyezi itatu, n'kuyambanso, ngakhale kuti kupereka chaka chonse cha sukulu n'kololedwanso. Tsatirani zimene unduna wa zaumoyo wa dziko lanu unakhazikitsa. Kuwerengera kwake n'kosavuta: atsikana 300 kwa masabata 13 afunika mapiritsi 3,900, ndipo muonjezereko pang'ono chifukwa ena amagwa pansi.

Sankhani tsiku limodzi losasintha. Lolemba ndi Lachisanu ndi masiku amene ana amajomba kwambiri, choncho pakati pa sabata ndiye pabwino, kuti amene sanabwere amwe mawa lake. Piritsi limwedwe mwana atadya kale, chifukwa ayironi pamimba yopanda kanthu amachititsa nseru, ndipo mtsikana mmodzi akasanza pa tsiku loyamba, sabata yotsatira theka la kalasi likana. Amwere madzi. Tiyi ndi khofi zimatchinga ayironi kulowa m'thupi, choncho papite ola limodzi kapena awiri asanamwe zimenezi. Zipatso zowawasa monga malalanje zimathandiza ayironi kulowa bwino. Mphunzitsi aone ndi maso ake kuti piritsi lamezedwa, ndipo pokhapo ndiye achonge m'kaundula. Mukagawa m'manja kuti "mukamwere kunyumba", mapiritsi mudzawapeza m'matumba a yunifolomu, m'madesiki ndi kuseri kwa kalasi. Choopsa koposa ndi chakuti akafika kunyumba, mwana wamng'ono atha kuwatola n'kumwa ambiri ngati masuwiti, ndipo ayironi wochuluka amapha mwana wotere.

Uzani atsikana zisanachitike kuti chimbudzi chimene azidzachita chidzakhala chakuda, ndipo ena adzadzimbidwa pang'ono. Izi sizoopsa. Koma mwana akaziona asanauzidwe amathamangira kwa mayi ake, mphekesera n'kuyamba, ndipo mphekesera imene imabuka kawirikawiri ndi yoti mapiritsiwo ndi olera. Njira yake ndi kuitana makolo piritsi loyamba lisanaperekedwe, wazaumoyo n'kuwaonetsa botolo lenilenilo, kuwawerengera zimene zalembedwapo, ndi kuyankha mafunso mpaka atatha. Msonkhano woitanidwa mphekesera itafala kale umakhala wodziteteza, ndipo makolo amaona.

Dziwaninso malire ake. Piritsi la pa sabata ndi loteteza, si lochiza. Mtsikana amene wapezeka kale ndi magazi ochepa amafunika mlingo wa tsiku ndi tsiku umene achipatala angamupatse, ndipo woyembekezera ali ndi ndondomeko yakeyake ku sikelo ya amayi apakati. Amene ali ndi matenda a magazi obadwa nawo monga siko selo ayambe waonedwa ndi dokotala. Kumadera a malungo, ayironi aziyendera limodzi ndi kugona m'masikito ndi kuyezetsa msanga thupi likatentha.

Njoka za m'mimba zimabanso magazi omwewo. Mlingo wa mankhwala ake ndi piritsi limodzi la albendazole la mamiligalamu 400 kapena mebendazole la mamiligalamu 500, kamodzi pachaka kumene ana 20 kapena kuposa mwa 100 ali nazo, kawiri kumene apitirira theka. Mankhwala a likodzo, praziquantel, amaperekedwa potengera kulemera kapena kutalika kwa mwana, ndipo nawonso amafuna mimba yokhuta. Katemera wa HPV, woteteza khansa ya khomo la chiberekero, amalunjika kwambiri atsikana a zaka 9 mpaka 14, ndiye ambiri amafika ku sekondale atalandira kale kapena ataphonya. Funsani pa tsiku lolembetsa fomu yoyamba, ophonyawo muwatumize kuchipatala.

Pa madzi ndi zimbudzi pali manambala oti mudziyezere. Miyezo ya WHO ya mu 2009 ikuti malita 5 pa munthu pa tsiku pa sukulu yoyendera, ndi malita 20 pa sukulu yogonera komweko. Chimbudzi chimodzi pa atsikana 25, ndipo kwa anyamata 50 chimbudzi chimodzi ndi pokodzera pamodzi. Atsikana 300 ndiye kuti zimbudzi 12. Koma kuwerenga zitseko sikokwanira. Lowanimo nokha, mutseke chitseko. Kodi chili ndi chokhomera m'kati? Muli madzi ndi sopo? Pali potayira mapadi pokhala ndi chivundikiro, ndipo alipo amene amakhuthula? Mtsikana amene ali kumwezi akapeza chitseko chosakhomeka amapirira tsiku lonse osasintha, kapena amangokhala kunyumba. Bokosi la mapadi a mwadzidzidzi lisungidwe ndi mphunzitsi wamkazi, pamalo poti mwana akhoza kupempha popanda kulankhula pamaso pa aphunzitsi onse m'chipinda chawo.

Kuyeza maso ndi ntchito yotsika mtengo imene imaiwalika. Pachikani tchati cha zilembo pakhoma lowala bwino, yezani mamita 6 ndi tepi, mujambule mzere pansi. Mwana aphimbe diso limodzi ndi chikhatho popanda kulidinikiza, awerenge, kenako linalo. Wolephera kuwerenga mzere wolembedwa 6/12 pa tchaticho, ngakhale ndi diso limodzi lokha, apite kwa a maso. Alowe mmodzimmodzi, chifukwa akakhala pamzere akumva anzawo, amaloweza zilembo ndipo onse amakhoza.

Mbali imene yakula kwambiri m'zaka zaposachedwa ndi umoyo wa m'maganizo. WHO ikuti mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la mtunduwu. Mphunzitsi si dokotala, ndipo asayese kutchula matenda. Ntchito yake ndi kuona kusintha: mwana wochangamuka amene wayamba kudzipatula, magiredi ogwa mwadzidzidzi, kujomba kosadziwika chifukwa chake, mabala a pamikono obisidwa ndi juzi ngakhale kukutentha. Muitaneni pambali, osati pamaso pa anzake, ndipo mumvetsere kuposa kulankhula. Akatchula zofuna kudzipha, mufunseni mosabisa ngati waganizapo njira yake. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Musamusiye yekha, ndipo afike kwa achipatala tsiku lomwelo.

Apa mpamene lamulo la chinsinsi liyenera kulembedwa momveka. Mwana auzidwe poyambirira penipeni kuti zimene anene sizituluka, kupatula ngati moyo wake kapena wa wina uli pangozi, kapena ngati wina akumuchitira nkhanza. Mphunzitsi amene amalonjeza kuti "sindiuza aliyense" kenako n'kukakamizika kuulula wataya mwana ameneyo, ndi anzake onse amene amve. Kaundula wa uphungu asasakanizidwe ndi wa chilango, ndipo ngati n'kotheka wopereka uphungu asakhale yemweyo amene amalanga. Malamulo omwewo anene poyera kuti mtsikana woyembekezera kapena amene wabereka abwerera bwanji m'kalasi mogwirizana ndi malamulo a dziko, komanso kuti wophunzira amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya a khunyu, shuga, mphumu kapena ma ARV, asunga kuti mankhwala ake ndipo amwera kuti anzake osamuzinga.

Ntchito zonsezi zimaduka pamalo amodzi: mwana watumizidwa kuchipatala, ndipo palibe amene akudziwa ngati anafika. Konzani kakalata ka zigawo ziwiri. Chigawo chapamwamba chikhale ndi dzina, tsiku ndi chifukwa chomutumizira mwachidule. Chapansi adzaze wachipatala, kungosonyeza kuti mwana waonedwa ndi tsiku loti abwerenso, popanda kulemba matenda. Mwana abweze chapansicho kwa mphunzitsi wa zaumoyo. Lachisanu lililonse mphunzitsiyo atsegule kaundula, aone maina amene kakalata kawo sikanabwere patatha masiku asanu ndi awiri, n'kuwafunsa mmodzimmodzi chimene chinawalepheretsa: ndalama yoyendera, mantha, kapena kholo limene silinauzidwe.