Silamu pa bridge: musathamangire 4NT

Anzanga amene tikumasewera bridge, masewera a makhadi aja a anthu anayi awiriawiri, kuno ku Mulanje, makamaka masiku a chiperoni kunja kusakuyendeka, pali chinthu chimandiwawa kwambiri, munthu akangoona makhadi akongola basi wakuwa kale 4NT (NT ndiye kuti popanda trampu, mtundu wa makhadi woposa inayo), kufuna silamu, asanawerenge n'komwe.

Yambani ndi mapointi. Eyisi ndi 4, king'i 3, kwini 2, jeki 1, onse pamodzi 40. Silamu yaying'ono imafuna matriki 12 (triki ndi makhadi anayi oponyedwa ulendo umodzi, aliyense imodzi), ndiye inu ndi mnzanu mukhale ndi mapointi cha m'ma 33, yayikulu ya matriki onse 13 cha m'ma 37. Ngati mwagwirizana mtundu wa trampu ndipo wina ali ndi mtundu waufupi, angacheperepo pang'ono.

Zikakwana m'pamene mumafunsa Blackwood, njira ija yofunsira maeyisi a mnzanu imene anayambitsa Easley Blackwood ku America m'zaka za m'ma 1930. Mukanena 4NT mnzanu amayankha 5♣ ngati alibe eyisi kapena ali nawo onse 4, 5♦ mmodzi, 5♥ awiri, 5♠ atatu. Akasowa awiri imani pa 5, akasowa mmodzi pitani pa 6. 5NT yofunsa making'i ibwere pokhapokha maeyisi onse ali kwanu, chifukwa apo mukuuza mnzanu kuti mukuganiza za 7.

Koma Blackwood imangokuuzani kuti maeyisi alipo angati, sikuuzani kuti ndi ati. Taonani dzanja ili: ♠AKJ74 ♥83 ♦AK5 ♣KQ2, mapointi 20. Mwatsegula 1♠, mnzanu wakweza 3♠. Mukafunsa 4NT iye n'kuyankha 5♦, mwadziwa chiyani? Ikakhala eyisi ya ♥ zili bwino, mwina mutaya triki imodzi ya ♣ basi, koma ikakhala ya ♣ opikisana nanu aja akhoza kungoponya eyisi ndi king'i wa ♥ koyambirira komwe, silamu yagwa inu musanagwire ndi khadi imodzi yomwe. Apa nenani 4♦, kusonyeza kuti ♦ mwaigwira ndipo silamu mukuifuna. Mnzanu akati 4♥ ndiye kuti khomo lija la ♥ latsekedwa, tsopano funsani maeyisi, akabwerera ku 4♠ siyani pomwepo, gemu yanu mwatenga. Chimodzimodzi mukakhala kuti mtundu wina mulibiretu, kufunsa maeyisi sikuthandiza chifukwa eyisi ya mtundu umenewo kwa inu ilibe ntchito.

China chomwe chimayambanitsa anthu patebulo, mnzanu akatsegula 1NT (mapointi 15 mpaka 17) inu n'kunena 4NT, imeneyo si Blackwood ayi, mukungomuuza kuti apite 6NT ngati mapointi ake ali kumtunda, 17 osati 15. Maeyisi pamenepo timafunsa ndi 4♣, ya Gerber, mayankho ake 4♦, 4♥, 4♠, 4NT motsatana ngati muja.

Ine ndimakonda Roman Key Card yomwe imawerengera king'i wa trampu ngati eyisi yachisanu, komano ili ndi mayankho amitundu iwiri, 1430 ndi 3014, ndiye gwirizanani makhadi asanagawidwe kuti 5♣ ikutanthauza 1 kapena 4, kaya 0 kapena 3.