Momwe mungabwezetsere ndalama zanu mukagulitsidwa katundu wosagwira ntchito

Chaka chatha ndinagula batire la sola m'sitolo ina ya zamagetsi mumzinda wa Lilongwe, ndipo mwezi usanathe linali litasiya kusunga moto, moti magetsi akathima nalonso linkazima ola lisanakwane. Nditabwerera nalo, wogulitsa anangondilozera chikwangwani chimene chinali pakhoma, chonena kuti katundu akatuluka m'sitolomo sabwezedwanso. Panapita miyezi ingapo kuti nkhaniyi ithe, ndipo nthawi yambiri inatayika chifukwa cha cholakwa chimodzi chimene ndinachita ndekha pa tsiku logula.

Musanayambe kuyenda, dziwani kuti chikwangwani chotere chilibe mphamvu pamaso pa lamulo ngati katunduyo ali ndi vuto. Ogula m'dziko muno amatetezedwa ndi lamulo la Consumer Protection Act la 2003 komanso la Competition and Fair Trading Act, lomwe limayendetsedwa ndi bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC. Lamulo lachiwirili linali la 1998, koma mu 2023 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti silinkapatsa bungweli mphamvu zolipiritsa chindapusa palokha, ndipo aphungu anavomereza lamulo latsopano lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2024. Tsopano bungweli likhoza kulamula wamalonda kubweza ndalama kapena kusintha katundu, komanso kumulipiritsa chindapusa chofika pa K10 pa K100 iliyonse ya ndalama zimene kampani yake yapeza pa malonda a chaka chonse. Amene akufuna kudziwerengera malamulowa angawapeze mwaulere pa intaneti patsamba la MalawiLII.

Ntchito yoyamba ndi kusonkhanitsa umboni wosonyeza kuti katunduyo munagula kwa ndani, liti komanso pa mtengo wanji, ndipo apa ndi pamene ine ndinapunthwa. Pa tsiku logula mnyamata wa m'sitolomo anandiuza mitengo iwiri, wina wokhala ndi lisiti la makina ndi wina wotsikirapo wopanda lisiti, ndipo poona kuti ndalama zinali zoperewera ndinasankha wotsikawo. Anandipatsa nambala ya foni yoti nditumizepo ndalama, ndinatumiza, ndipo iye anandilembera kapepala ka pamanja kopanda dzina la sitolo, kopanda chidindo, kongonena kuti batire limodzi lalipiridwa. Vuto litabuka, mwini sitolo anakana kuti sakundidziwa, ananena kuti nambala imene ndinatumizako ndalama si ya bizinesi yake ndiponso kuti mnyamata uja anasiya ntchito. Ndinaima pakhomo la sitolo ndi batire lolemera m'manja, ndilibe pepala limodzi lomwe lotchula dzina la munthu amene ndimamudandaulayo.

Chimene chinandipulumutsa ndi zinthu zitatu zimene ndinasunga mosaganizira n'komwe. Uthenga wa pafoni wotsimikiza kuti ndalama zapita unali ndi tsiku ndi nthawi, mauthenga a pa WhatsApp amene ndinkafunsira mtengo anachokera pa nambala yomwe inalembedwa pachikwangwani cha panja pa sitolo, ndipo katoni ya batireyo inali ikadali ndi kapepala ka mtengo kofanana ndi timene tinali pa katundu wina m'mashelefu. Kulumikiza zitatuzi kuti zipange nkhani imodzi yomveka kunanditengera masabata angapo, pamene lisiti lenileni likanathetsa mkangano tsiku lomwelo. Choncho limbikirani kuti akupatseni lisiti lokhala ndi dzina la bizinesi, tsiku ndi mtundu wa katundu, ndipo pa zinthu monga mabatire, mafoni ndi mafiriji uzani wogulitsa alembeponso nambala ya katunduyo ndi kutalika kwa waranti, yomwe ndi nthawi imene akulonjeza kukonza kapena kusintha katunduyo akapezeka ndi vuto. Jambulani lisitilo ndi foni tsiku lomwelo, chifukwa zilembo za pamapepala a makina zimafufutika pakapita miyezi yochepa, makamaka likasungidwa m'thumba kapena pamalo otentha. Ndalama imene mumaoneka ngati mwapulumutsa pokana lisiti ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya minibasi ndi ya fotokope imene mudzawononge pambuyo pake.

Katunduyo musamutsegule ndiponso musapite naye kwa amisiri a m'mbali mwa msewu kuti akamuone, pakuti wogulitsa akangopeza kuti zomangira zakhudzidwa adzanena kuti mwamuwononga ndinu. Ndiyeneranso kuchenjeza kuti m'misika muli mabatire akale amene amapukutidwa ndi kumatidwa mapepala atsopano, kotero mukaona mtengo wotsika kwambiri kusiyana ndi m'masitolo ena, funsani kumene katunduyo wachokera musanatulutse ndalama.

Umboni ukakwana, bwererani kusitolo ndi kalata m'malo mongolankhula pakamwa. Kalatayo ikhale yaifupi, yofotokoza chimene munagula, tsiku, mtengo, vuto limene mwapeza ndi chimene mukufuna, kaya ndi kubwezeredwa ndalama kapena kupatsidwa katundu wina, ndipo muikemo tsiku lomaliza limene mukuyembekezera yankho. Ine ndinapereka masiku 14. Tengani makalata awiri ofanana, imodzi muisiye ndipo inayo aisainire kuti alandira; akakana kusaina, lembani tsiku, nthawi ndi dzina la amene mwamupeza, ndipo ndi bwino kupita ndi munthu wina woti adzachitire umboni. Musasiye katunduyo m'sitolo popanda kulemberana, chifukwa akasowa mudzakhala mwataya umboni waukulu.

Tsiku lija likadutsa popanda yankho logwira mtima, tengerani dandaulo lanu ku CFTC, komwe likulu lake lili ku Lilongwe. Lembani zomwezo zimene munalemba m'kalata ija, onjezani dzina la sitolo ndi malo amene ili, ndipo phatikizani mafotokope a umboni wonse, mapepala enieniwo muwasunge kunyumba. Ine sindinalipire kanthu popereka dandaulo. Bungweli limadziwitsa wamalondayo kuti ayankhe, limafufuza mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zina nkhani imatha pomwepo chigamulo chisanafike, monga zinachitikira kwa ine pamene mwini sitolo anavomera kundipatsa batire lina atalandira kalata yochokera kumeneko. Ngati nkhani yanu ndi ya banki kapena inshuwalansi, yambirani ku Reserve Bank of Malawi, ya mafoni ndi intaneti ku MACRA, ya magetsi ndi mafuta a galimoto ku MERA, pamene katundu wokayikitsa kapangidwe kake amaonedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Bungwe la ogula la CAMA nalo limalandira madandaulo ndi kupereka uphungu.

Zonsezi zikakanika, njira yotsala ndi khoti la majisitireti la m'dera lanu. Kalaliki wa khoti adzakuthandizani kulemba samani, mudzalipira ndalama yolembetsera mlandu ku ofesi yolandirira ndalama ndi kutenga lisiti la boma, ndipo musapereke kanthu kwa madobadoba amene amaima panja n'kumalonjeza kuti afulumizitsa mlandu. Simukakamizidwa kukhala ndi loya pa mlandu wotere, koma amene alibe ndalama ndipo nkhani yawo ndi yaikulu angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti iziimira anthu osowa. Pa tsiku la mlandu pitani ndi katunduyo, mapepala enieni onse ndi mboni yanu.