Momwe mungasamalire tillandsia, duwa losafuna dothi

Tillandsia ndi chomera cha m'banja limodzi ndi chinanazi, koma chake n'chosiyana: sichimera m'dothi. Kwawo, kuyambira kummwera kwa United States ndi ku Mexico mpaka ku South America, chimangokakamira pa nthambi za mitengo, pamatanthwe, ngakhale pamawaya a magetsi. Mizu yake ndi yogwirira basi. Madzi ndi chakudya chimamwera m'masamba, kudzera m'timamba toyera tomwe timachititsa masambawo kuoneka ngati awazidwa phulusa. Mitundu yake ndi yoposa 600, ndipo dzinali analipereka ndi Carl Linnaeus pokumbukira Elias Tillandz, dokotala yemwenso anali katswiri wa zomera.

Anthu amati chimakhalira mpweya wokha. Mawu amenewa apha zomera zambiri, chifukwa madzi chimawafuna ndithu. Kungoti chimadana ndi kukhala chonyowa.

Yambani ndi kuyang'ana masamba. Ngati ndi otuwa, okhakhala, monga a mtundu wotchedwa xerographica, ndiye kuti kwawo n'kouma: chimapirira dzuwa ndipo sichifuna madzi pafupipafupi. Ngati ndi obiriwira, osalala, monga a bulbosa, chinachokera m'nkhalango za chinyontho, choncho chimafuna kamthunzi ndi madzi ochulukirapo.

Mukatero, chipezereni malo owala koma osaombedwa ndi dzuwa la masana. Pafupi ndi windo lokhala ndi katani yopyapyala ndi pabwino. Mphepo izidutsapo. Kuzizira kosafika madigiri 10 sichikufuna. Mutha kuchikhazika pachikuni chouma, pamwala, kapena kuchipachika ndi kaulusi ka nayiloni. Waya wa kopa ayi, chifukwa kopa ndi poizoni kwa chomerachi. M'mphika wa dothi musachiikemo, olo dzanja likuyabweni bwanji.

Tsopano kuthirira. Kamodzi pa sabata, tungani madzi m'beseni n'kuchimiza chonse kwa mphindi 20 mpaka 30. Madzi a mvula ndiwo abwino koposa. Ngati muli ndi a pampopi okha, asiyeni agone m'chidebe chosavundikira kuti klorini achepe. Muzichita zimenezi m'mawa. Chifukwa chake n'chakuti tillandsia imatsegula timabowo topumira usiku, ndiye ikagona yonyowa imabanika. Ikakhala ndi duwa, imikeni mwakuti duwalo likhale kunja kwa madzi.

Koma luso lenileni lili pa kuumitsa, ndipo apa m'pomwe ine ndinagwa nayo. Yanga yoyamba ndinkaiviika bwinobwino, kenako n'kuibwezera m'kambale kake kagalasi idakadontha madzi. Kunja inkaoneka yathanzi. Tsiku lina nditaigwira, masamba a pakati anangozuka okha, kunsi kwake kuli bii, kofewa, kukununkha chivundi. Madzi anali atadikha pakati pa masamba, penipeni pomwe chomera chimakulira, ndipo chikaola pamenepo palibenso mankhwala.

Ndiye mukachivuula, chigwireni chadodolido, muchikutumule pang'onopang'ono mpaka madontho asiye kutuluka. Chigonekeni choncho chozondoka pathaulo louma, pamalo podutsa mphepo. Pasanathe maola 4 chikhale chitauma. Musakhulupirire maso okha. Pisani chala kunsi kwa masamba mumve ngati kulibe chinyezi. Mitundu yotupa kumunsi ngati bulbosa ndiyo imabisa madzi kwambiri, moti ine ndimaisiya yozondoka theka la tsiku. Nyengo ikakhala ya mitambo, yatsani fani. Chikauma m'pomwe mungachibwezere pamalo pake, ndipo ngati malowo ndi botolo lagalasi, likhale lokamwa kwakukulu, lopanda chivundikiro.

Kupopera madzi ndi kabotolo kumathandiza m'nyengo yotentha, pakati pa sabata, koma sikulowa m'malo mwa kuviika.

Chomerachi chimanena chokha chikamva ludzu. Masamba amapindikira m'kati kuposa masiku onse, nsonga zake n'kuyamba kuuma. Mukaona choncho, chiviikeni kwa maola angapo ndipo chidzatambasukanso. Ludzu limachizika, kuola ayi. N'chifukwa chake mukamakayika, ndi bwino kudikira tsiku lina. Nsonga zouma mutha kuzidula ndi sizasi, koma timamba toyera tija musatipukute poganiza kuti ndi fumbi. Ndi pakamwa pake pamenepo.

Feteleza si wofunika kwenikweni. Ngati mwafuna, sungunulani wa madzi wopangira maluwa a mtunduwu, gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo wolembedwa pabotolo, m'madzi oviikamo, kamodzi pa mwezi. Akhale wopanda urea, popeza urea imadalira tizilombo ta m'dothi kuti isanduke chakudya, ndipo dothilo pano palibe.

Tillandsia imachita maluwa kamodzi kokha pa moyo wake. Ya ionantha imayamba yafiira masamba, kenako n'kutulutsa timaluwa ta mtundu wa pepo pakati. Duwa likafota, musataye chomeracho. M'munsi mwake mumatuluka ana, ndipo mayiyo amatha pang'onopang'ono akuwadyetsa. Dikirani mwana afike gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa mayi wake, kapena theka. Gwirani mayiyo ndi dzanja limodzi, mwanayo ndi linalo cha kumunsi, n'kupotoza mofatsa mpaka athothoke. Pachilondapo pasakhudze madzi kwa masiku awiri kapena atatu. Mukasankha kuwasiya pomwepo, amakula mounjikana n'kupanga chimpira chachikulu, chomwe poumitsa muyenera kuchitembenuza mbali zonse.