Mmene ndimaphunzitsira timu kushuta ndili ndi mipira itatu yokha

Anzanga makochi, makamaka inu amene muli ndi ana a sekondale kapena katimu ka m'dera, chimene chimandiwawa ndikafika pa bwalo la basketball n'kupeza ana 12 ali pa mzere umodzi, mpira umodzi, aliyense akudikira ngati ali ku chigayo, akaponya kamodzi n'kubwerera kumbuyo kukayambanso macheza. Tawerengani nokha, pa mphindi 20 mwana mmodzi waponya mwina ka 15 basi, kenako Loweruka pa gemu mukumukalipira kuti bwanji sukulowetsa. Alowetsa bwanji? Kushuta n'kubwerezabwereza mpaka mkono uzolowere wokha, ndiye ntchito yathu yaikulu ngati makochi ndi kuthetsa mzere umenewo komanso kuwerenga mipira yolowa, osati mphindi.

Ine ndili ndi mipira itatu, umodzi unathothokathothoka ndi simenti, ma ring'i awiri, ina yopendekeka pang'ono chifukwa anyamata amalendewerapo. Zimene ndilembe pano zimatheka ndi zimenezi.

Timayambira pafupi, pafupi penipeni, sitepe imodzi kuchoka pa ring'i. Ana amadana nazo izi chifukwa aliyense akangogwira mpira amathamangira ku three, mzere wakutali uja umene ukalowetsa uli kunja kwake umapeza mapointi atatu, wawonera katswiri wa ku America Stephen Curry pa foni usiku wonse. Koma mzere wa three pa malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, uli pa mamita 6.75 ndipo ring'i ili mamita 3.05 m'mwamba, mwana wa Fomu 1 kuti mpira ukafike kumeneko amachita kuukankha kuchokera pa chifuwa ndi manja onse awiri, thupi lonse kupotoka, ndipo chizolowezi chimenecho chikakhazikika kuchichotsa ndi ntchito ya miyezi. Ndimawauza kuti Curry yemweyo ali ku sekondale ankaponyera m'munsi, bambo ake a Dell Curry, amenenso anasewera mu NBA, ligi yaikulu ya ku America, anamusinthitsa kaponyedwe konse n'kumuyambitsanso pafupi ndi ring'i tchuthi chonse. Ndi munthu yemweyo amene mu Disembala 2021 anaposa Ray Allen pa ma three ochuluka mu NBA. Akamva zimenezo amakhala chete pang'ono, pang'ono chabe.

Ndiye dirilu yoyamba ndi ya dzanja limodzi. Dzanja linalo libisidwe kumbuyo. Mpira ukhale pa zala, pakati pa chikhatho ndi mpira pazioneka kampata, chigongono chikhale pansi pa mpira osati kutulukira kumbali, mawondo apindike, ndipo mphamvu ichokere ku miyendo kukwera. Akaponya, mkono utsale m'mwamba zala zitaloza pansi mpaka mpira utalowa kapena utagunda. Mukaona mpira ukuzungulira chobwerera m'mbuyo dziwani kuti wachoka bwino m'zala, ukamazungulira cham'mbali ndiye kuti chala chachikulu kapena dzanja linalo likulowerera. Alowetse 5 kutsogolo, 5 kumanzere, 5 kumanja, ndipo ine ndimawerenga yokhayo yomwe sinakhudze chitsulo. Akamaliza abwerere sitepe imodzi, dzanja lachiwiri libwere koma longothandizira m'mbali, lisakankhe.

Pali chinthu chimodzi ndimakonda kuwaonetsa. Ring'i ndi yotambalala masentimita 45, mpira wa saizi 7 ndi pafupifupi 24, kutanthauza kuti mipira iwiri imangotsala pang'ono kulowa limodzi. Malo alipo ambiri, koma alipo kwa mpira wochokera m'mwamba. Woponya chopingasa, wa lathyathyathya uja, amadzichepetsera yekha khomo. Mwana wotere ndimamuimikira mnzake wamtali kutsogolo atakweza manja, kapena kungokweza tsache, kuti aziponya modutsa pamwamba.

Za mpira musazitenge mopepuka. Atsikana ndi saizi 6, anyamata akuluakulu 7, ana a pulayimale 5. Ndikudziwa kuti timagwiritsa ntchito womwe wapezeka, koma ngati mpata wogula ulipo gulani woyenera, mpira wolemera ndi umene umawononga kaponyedwe ka ana ang'ono. Ndipo atsikana athu ambiri amachokera ku netball, imene kuno kwathu ndi nkhani yaikulu chifukwa cha ma Queens. Amenewa diso ali nalo kale, ring'i ya netball ndi yotalika chimodzimodzi 3.05 ndipo ilibe bolodi, ndiye sawopa kuloza pakati. Vuto lawo n'lakuti anazolowera kuima nji, mpira pamwamba pa mutu, kuyeza kaye bwinobwino. Mu basketball wokutchinga amafika pamphuno pomwe, ndiye ndi iwowa ntchito ndi ya miyendo ndi changu, komanso kuwazoloweza kugunditsa mpira pa bolodi.

Pa bolodipo ndi pamene imabwera Mikan, dirilu yakalekale yotchedwa dzina la George Mikan wa Minneapolis Lakers. Munthu aime pansi pa ring'i, leyapu (kuponya uli pafupi penipeni mogunditsa pa bolodi) ya dzanja lamanja mbali yakumanja, awakhe mpira usanagwe pansi, leyapu ya dzanja lamanzere mbali inayo, choncho choncho kwa masekondi 30, mpira usatsike kupyola mapewa. Yosavuta kufotokoza koma dzanja lamanzere limayalutsa anthu, muzaseka.

Tsopano yomwe imathetsa mzere. Gawani ana atatuatatu kapena anayianayi, gulu lililonse mpira wake, magulu awiri atha kugawana ring'i imodzi wina kumanja wina kumanzere. Mmodzi ndi woshuta, wina wotola ribaundi (mpira ukamagwa kuchoka pa ring'i), wina wopatsa pasi. Mphindi imodzi, woshuta asaime malo amodzi, achoke pa ngodya imodzi ya mzere wa free throw (pamene munthu amaponyera popanda womutchinga akachitiridwa faulo) kupita pa ngodya inayo, alandire mpira manja ali okonzeka kale, mawondo atapinda kale, mapazi ataloza ku ring'i, aponye, athamange kubwerera. Wotola aziwerenga mokweza kuti aliyense amve. Mphindi ikatha asinthane. Apa mwana amaponya ka 12 kapena kupitirira pa mphindi imodzi yokha, pafupifupi zomwe ankaponya pa mphindi 20 za pa mzere zija. Ndipo wopatsa pasi musamusiye aziponya mwaulesi, pasi ifike pachifuwa mwamphamvu, pasi yoipa ndi imene imabala shoti yoipa, izi ndimakalipa nazo kuposa kuphonya kwenikweniko.

Mapazi ndi pamene ndimatayapo nthawi yambiri. Ena amaphunzitsa kudumpha n'kutera ndi mapazi onse awiri nthawi imodzi, ena kuponda limodzi kenako linzake. Ine kwa oyamba kumene ndimakonda kuponda limodzi kenako linzake, phazi lomwe lili pafupi ndi ring'i liyambe, chifukwa amachedwa kugwidwa ndi travelling, mlandu woyenda ndi mpira osadunda, ndipo thupi silipepeluka. Akakula asankha okha.

Zikayamba kulowa, ikanipo munthu. Wopatsa pasi uja akaponya mpira athamangire woshutayo dzanja lili m'mwamba akukuwa, asamugunde, angomusokoneza. Muona ana amene amalowetsa 7 pa 10 ali okha akutsika kufika pa 3, ndipo nambala ya 3 imeneyo ndi imene muzaione pa gemu, osati 7. Kenako muloleni woshuta asankhe, wotchinga akabwera mothamanga kwambiri anamize ngati akuponya, adribule kamodzi kumbali n'kuponya. Kamodzi kokha, chifukwa mukawalekerera amadribula mpaka dzuwa kulowa, pomwe pa gemu timu ili ndi masekondi 24 basi kuti iponye.

Free throw sindiika koyambirira ana ali ndi mphamvu. Pa gemu munthu amapita pa mzerewo akupuma wefuwefu, miyendo ikunjenjemera, ndiye ndimawathamangitsa bwalo lonse kupita ndi kubwera kawiri kenako aliyense aponye iwiri yokha, osati 10 motsatizana, chifukwa palibe referee amene azakupatseni 10. Lamulo la FIBA limapereka masekondi 5 referee akakupatsa mpira, ndiye aliyense akhale ndi kachitidwe kake kakafupi kosasintha, kudunda kawiri kapena katatu, kupuma, kuponya. Nthawi zina ndimasankha mmodzi, akaphonya timu yonse ithamanga, akalowetsa tiweruka. Phokoso lake anzake akumukuwiza ndi lomwe ndimafuna. Koma muziona mwana wake, wamanyazi amene wangoyamba kumene musamuike pamenepo, mawa sabweranso.

Ina imene anyamata amaipempha okha ndi yopikisana ndi Curry wongoganizira. Ukalowetsa wapeza 1, ukaphonya Curry wapeza 2, woyamba kufika 10 wawina. Kuti umugonjetse uyenera kulowetsa kuposa iwiri pa itatu iliyonse, ndiye amazindikira okha kuti pa three sawina, amasendera pafupi popanda ine kuwauza.

Mabwalo athu ambiri ndi a panja, mu Juni ndi Julayi mwera ukawomba musalimbane ndi shoti zakutali, tsiku limenelo pangani Mikan, za dzanja limodzi ndi za mapazi. Ndipo gulani kope la masamba ochepa lomwe lija, mwana aliyense tsamba lake, deti, malo amene anaponyera, zolowa pa zoponya. Kapitawo wa timu ndi amene amalemba, ine ndimangoliona Lachisanu. Amene wafika 7 pa 10 pa malo amodzi masabata awiri otsatizana ndimamulola kubwerera sitepe imodzi, amene sanafike akhale pomwepo ngakhale adandaule kuti mnzake ali kale ku three.