Musapake penti m'nyumba ya lendi kunja kwa dziko popanda chilolezo cholembedwa

Kuno ku Zomba, munthu wa lendi ku Chinamwali kapena ku Matawale akagula laimu ndi ndalama zake n'kuyeretsa makoma, eni nyumba amamuthokoza, ndipo ena amafika pomuuza kuti achotsere pa lendi ya mwezi wotsatira. Tinakula tikudziwa kuti wosamala nyumba ya mwini ndi munthu waulemu. Maganizo amenewa ndi amene ndinakwera nawo basi popita ku Joni, ndipo ndi amene anandidyetsa dipoziti ya miyezi iwiri, ndalama zokwana R9,000, zimene ndinkawerengera kuti ndidzagulira malata a nyumba imene ndikukhalamo panoyi.

Fulati imene ndinkakhala kumwera kwa Johannesburg inali ndi makoma akuda ndi chinyontho, komanso kapeti yakale imene inkanunkha nyengo ya mvula. Mayi a kunyumba atatsala pang'ono kubwera kuchokera kuno, ndinaona kuti sindingawalandirire m'malo otere. Ndinaimbira foni ejenti amene ankatolera lendi m'malo mwa eni nyumba, ndipo anandiyankha mosavuta kuti palibe vuto, ndichite zimene ndikufuna bola zikhale zaukhondo. Ndinagula zitini ziwiri za penti ya buluu, ndinabowola khoma la kukhitchini n'kukhoma mashelefu, ndipo kapeti ija ndinaikanganula n'kukaitaya, chifukwa pansi pake panali matailosi abwinobwino. Aliyense wobwera kudzacheza ankayamikira.

Patapita zaka zitatu, nditapereka notisi yoti ndikubwerera kumudzi, ndinapeza kuti ejenti uja anasiya ntchito kalekale ndipo pampando pake pali wina. Watsopanoyo anandiuza kuti makiyi ndingowasiya kwa mlonda wa pageti, dipoziti adzaitumiza ku akaunti yanga. Ndinanyamula katundu, ndinakwera basi pa Park Station, ndipo mpaka titawoloka pa Beitbridge mtima unali m'malo. Nditafika kuno ndinadikira milungu itatu, kenako kunabwera imelo ya mizere inayi yonena kuti ndinasintha mtundu wa makoma popanda chilolezo, ndinabowola khoma, ndinasowetsa kapeti ya eni ake, choncho dipoziti yonse yathera pokonza ndipo ndatsala ndi ngongole. Ndinaimba foni kasanu, maunitsi akuthera kumvera nyimbo za pa ofesi yawo. Tsiku limene ndinamupeza, ndinamufotokozera kuti mnzake anandiloleza, ndipo iye anangofunsa funso limodzi, lakuti chilolezocho chinalembedwa pati. Ndinapempha malisiti a ntchito imene ankati agwira, anati atumiza, ndipo mpaka lero sanatumize. Kapeti imene ngakhale galu sakanagonapo anaiwerengera pa mtengo wa yatsopano.

Kulakwa kwanga sindikukukana. Mgwirizano umene ndinasaina osawerenga unali ndi ndime yonena kuti wa lendi asasinthe chilichonse popanda chilolezo cholembedwa, ndiponso kuti chilichonse chimene wakhoma chimasanduka cha eni nyumba popanda kubwezeredwa ndalama. Ndime yotereyi ili m'migwirizano yambiri, ndipo mukatsegula wanu lero mwina muipeza. Chimene chimandiwawa n'chakuti ejentiyo nayenso anaphwanya lamulo, koma ine ndinadziwa zimenezi ndili kale pansi pa phiri la Zomba, kutali ndi kumene ndikanadandaula.

Lamulo la ku South Africa loona za nyumba za lendi, la Rental Housing Act la 1999, likunena kuti eni nyumba ndi wa lendi ayendere nyumbayo limodzi asanalowe, n'kulemba zonse zowonongeka, ndipo ayenderenso limodzi m'masiku atatu omaliza mgwirizano usanathe. Eni nyumba akalephera kuyendera nyumbayo pamaso pa wa lendi, lamulo limatenga kuti avomereza kuti nyumba ili bwino, ndipo ayenera kubweza dipoziti yonse pamodzi ndi chiwongola dzanja chake. Mwaona tsono chifukwa chake anandiuza kuti ndisiye makiyi kwa mlonda? Dipoziti imayenera kusungidwa ku akaunti yobereka chiwongola dzanja. Ngati palibe chowonongeka ibwezedwe pasanathe masiku 7, ngati achotsapo ndalama zokonzera, yotsalayo ibwezedwe pasanathe masiku 14, ndipo malisiti ake muli ndi ufulu wowaona. Madandaulo amapita ku bwalo loweruza nkhani za lendi lotchedwa Rental Housing Tribunal, limene lili m'chigawo chilichonse ndipo salipiritsa.

Abale anga, musandimve molakwa ngati ndikunena kuti lamuloli likukupatsani mphamvu yopaka penti mmene mwafunira. Eni nyumba akatsata ndondomeko yonse, ali ndi ufulu wochotsa pa dipoziti yanu ndalama zobwezeretsa nyumba mmene inalili, ngakhale inuyo mutalumbira kuti penti yanu ndi yokongola kuposa yawo. Kukongola si mlandu umene amazenga kumeneko. Amangofunsa mmene nyumba inalili polowa, mmene ilili potuluka, ndi amene anavomereza kusinthako. Chimene sangakulipiritseni ndi kutha kwa zinthu chifukwa cha ukalamba, monga penti yofwifwa ndi dzuwa kapena kapeti yoperepeseka poyendapo zaka zambiri. Sangakukiyireninso pakhomo, kukudulirani magetsi kapena kukutulutsirani katundu panja chifukwa cha penti, pakuti kutulutsa munthu m'nyumba kumafuna chigamulo cha khothi. Koma nanunso musakane kulipira lendi poti munagula penti ndi ndalama zanu. Kuchotsera pa lendi ndi khalidwe la ku Matawale, ndipo kunjako kumangokusandutsani munthu wa ngongole.

Kwa inu a ku England, dipoziti iyenera kuikidwa pasanathe masiku 30 ku limodzi mwa mabungwe atatu ovomerezeka ndi boma, ndipo kuyambira 2019 nyumba zambiri siziloledwa kutenga yoposa lendi ya milungu isanu. Mukasemphana pa zochotsera, bungwe losunga dipozitiyo limaweruza kwaulere poona mndandanda wa katundu ndi zithunzi za tsiku lolowa. Chitetezo chimenechi sichikhudza munthu amene wapatsidwa chipinda m'nyumba imene eni ake akukhalamo momwemo, ndipo ambiri a ife timayambira m'zipinda zotero.

Zoyenera kuchita n'zochepa. Jambulani chipinda chilichonse tsiku lolowa, pemphani chilolezo pa imelo kapena pa WhatsApp potchula mtundu wa penti ndi khoma limene mukufuna kubowola, ndipo funsani ngati mudzafunika kubwezeretsa potuluka. Yankho lake lisungeni kwina, osati pa foni yokha, poti mafoni amabedwa.

Zoyenera kupewa ndiye n'zambiri, ndipo ndimatopa kuzibwereza kwa anthu amene amamva zitawaonekera. Musakhulupirire mawu a pafoni, chifukwa ejenti amene akukusekererani lero sadzakhalapo tsiku limene mukutuluka. Musataye chinthu cha eni nyumba ngakhale chitawola bwanji. Chipindeni, chisungeni, kapena alembereni kuti abwere adzachitenge. Chilolezo cha mlonda kapena cha wosamalira mafulati si chilolezo. Ngati chipinda munachipeza kudzera mwa Mmalawi mnzanu amene nayenso ndi wa lendi, dziwani kuti iye alibe mphamvu yokulolezani kukhoma ngakhale msomali umodzi, ndipo eni nyumba akadzamudula dipoziti, mnzanuyo adzakutsatani mpaka kumudzi, ubale n'kuthera pomwepo. Makoma akachita nkhungu kapena denga likamadontha, imeneyo ndi ntchito ya eni nyumba. Alembereni, ndipo musabise vutolo ndi penti, chifukwa likadzatulukiranso adzanena kuti munaliyambitsa ndinu. Ndipo musagule tikiti ya basi ya tsiku lomwelo limene mukupereka makiyi. Pemphani tsiku loyendera nyumba mwa kulemba, khalanipo nokha, ndipo musasaine pepala limene simunawerenge chifukwa choti basi ikukusiyani.

Mwezi watha mphwanga amene ali ku Cape Town anandiimbira kuti wagula TV yaikulu ndipo akufuna kuipachika kukhoma, ejenti wamuuza pakamwa kuti palibe vuto. Ndinamuuza kuti alembe uthenga nthawi yomweyo ndipo anditumizire chithunzi cha yankho lake. Patha milungu inayi ejentiyo asanayankhe, ndipo TV ija ikadali patebulo.