Kaundula wa Mitengo ndi Nsomba za mu Mtsinje Wanu

Makomiti a zachilengedwe m'midzi ndi makomiti oyang'anira madooko amadziwa zambiri za mitsinje yawo, koma nzeruzo zimakhala m'mitu ya akuluakulu ochepa chabe. Langizo langa ndi lakuti mudzi uliwonse wokhala m'mbali mwa mtsinje ukhale ndi kope limodzi lolembamo mitengo ndi nsomba pamodzi, chifukwa ziwirizi sizisiyana.

Taganizirani za mpasa, nsomba ya m'nyanja ya Malawi imene imakwera mitsinje monga Bua, Linthipe ndi North Rukuru kukaswana. Mpasa umaikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi oyera othamanga, ndipo matope akakwirira timiyalato mazira amasowa mpweya n'kufa. Mtsinje wa Bua ukadali wodziwika ndi mpasa chifukwa chigawo chake cha kumunsi chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, kumene magombe akadali ndi mitengo. Choncho amene akulemba kuti mkuyu wa padooko wagwetsedwa walembanso nkhani ya nsomba, ngakhale iye asakudziwa.

Sankhani chigawo cha mtsinje chimene mungachiyende m'mawa umodzi, chokhala ndi malire odziwika kwa aliyense, monga kuchokera pa mlatho kukafika pa mathiriro a kamtsinje kena. Chiyendeni kawiri pa chaka, mvula itangosiya ndiponso mu Okutobala madzi ataphwa. Lembani dzina la mtengo monga mmene mumautchulira kwanuko, ndi malo amene waima: katope, chonya, mbawa ndi mkuyu zimakonda kufupi ndi madzi, pamene masuku ndi mlombwa zimapezeka kumtunda kouma. Chimene ambiri amaiwala, ndipo kwa ine ndicho chofunika koposa, ndi kuwerenga timitengo tating'ono tomera tokha. Gombe lokhala ndi mibawa ikuluikulu khumi popanda kambawa ngakhale kamodzi likutha kale, kungoti maso sanaone. Onetsaninso pamene pali zitsa zatsopano, uvuni wa makala kapena dimba lofika m'madzi.

Pa nsomba, lembani tsiku, malo, chida chimene chagwira, kaya ndi mono, mbedza kapena ukonde, ndi maonekedwe a madzi. Mukagwira nsomba yachilendo musathamangire kuipatsa dzina. Igonekeni chammbali pafupi ndi rula kapena bokosi la machesi, tambasulani zipsepse, muijambule ndi foni isanasinthe mtundu, kenako mufunse asodzi achikulire mayina onse amene akuidziwa nawo.

Musanyoze zithaphwi za m'dambo. Kufupi ndi nyanja ya Chilwa kuli kansomba kofiirira kamene akatswiri amakatcha Nothobranchius kirki, kamene kamakhala miyezi yochepa yokha. Chithaphwi chikauma mazira ake amatsala m'dothi kudikira mvula ina. Wolima kapena woumba njerwa pamalo otere angathe kufafaniza mtundu wonse pamenepo osaona nsomba n'imodzi yomwe. Kuchigwa cha Shire kulinso nsomba yopuma ndi mapapu imene imadzikwirira m'matope nthawi ya chilimwe.

Nsomba ina yachilendo ingakhale yobwera kuchokera kunja, yothawa m'damu la munthu, ndipo yotero imalanda chakudya ndi malo a nsomba zathu. Lamulo la za usodzi silimalola kubweretsa mitundu ya nsomba zakunja popanda chilolezo. Mukaikayikira musaibwezere m'madzi kapena kuisamutsira kudamu lina, koma tumizani chithunzi kwa mlangizi wa za nsomba wa dera lanu tsiku lomwelo.

Ngati mwayenda ulendo wonse osaona mpasa kapena sanjika m'nyengo imene zinkakwera kale, lembaninso zimenezo, chifukwa ntchila inachepa m'nyanja yathu anthu akungoganiza kuti ibweranso chaka chamawa. Kopelo lisungidwe ndi mlembi wa komiti, ndipo liziwerengedwa pamsonkhano wa mudzi pamaso pa amfumu, alangizi a za nkhalango ndi a za nsomba ali pomwepo.