Kudinda tisheti pakhomo: yambani ndi stensulo

Ngati mukufuna kudinda dzina la timu kapena la kwaya pa tisheti, musathamangire kugula makina. Filimu yakale ya X-ray, kampeni kakuthwa, siponji ndi penti ya nsalu, basi zakwana.

Lembani mawu anu pa filimuyo, kenako muwadule mosamala kuti patsale mabowo a zilembo, ndipo imeneyi ndiye stensulo yanu. Ambiri amalakwitsa pa zilembo monga O, A ndi D. Kachigawo ka pakati kamafuna timizere tiwiri tokalumikiza ndi filimu yonse, apo ayi kagwa ndipo chilembocho chidzatuluka chodzaza penti chonse.

Tisheti ikhale ya thonje, ndipo muyambe mwaichapa kuti ngati n'kufupika ifupikiretu. Mkati mwake lowetsani katoni, penti isadutsire kumsana. Ikani stensulo pa tisheti, siponji muisunse mu penti pang'ono chabe ndipo muzichita kugogoda, osati kukhula ngati mukutsuka poto. Penti ikachuluka imalowa pansi pa stensulo n'kuwononga m'mphepete mwa zilembo, choncho bola kudinda kawiri mopyapyala. Penti ya khoma ndiye ayi ndithu, imauma gwa n'kumasweka.

Pakatha maola 24 itauma, yalani kansalu pamwamba ndi kusita kwa mphindi 3 mpaka 5 popanda nthunzi. Kutenthako ndi kumene kumachititsa kuti penti igwire ulusi. Simbi ya makala imathekanso.

Amene muli ndi printa ya inki, pepala la transfer (lomwe mumaprintapo kenako n'kulisita pa tisheti) limatulutsa ngakhale chithunzi, koma pepala la transfer lodindira nsalu zoyera limafuna kuti chithunzicho muchitembenuze ngati pagalasi musanaprinte. Pochapa, tembenuzani tisheti kunja kukhale mkati, ndipo madzi akhale ozizira.